Mafunso ndi mayankho okhudza filimu ya The Riddle of the Sands ndi zimene oonera amanena

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa anthu amene aonera filimuyi koyamba, komanso kwa amene akufuna kudziwiratu ngati ili yoyenera kuitayira madzulo awo. Amene sakufuna kumva mathero a nkhani asanaonere adumphe funso lokhudza mathero, chifukwa kumeneko zonse zaululidwa.

Kodi filimu imeneyi ndi yotani, ndipo inatuluka liti?

The Riddle of the Sands ndi filimu ya ku Britain yonena za ukazitape, imene inatuluka m'chaka cha 1979. Anaitsogolera ndi Tony Maylam, ndipo ndalama zoikonzera zinachokera ku kampani ya Rank. Nkhani yake inatengedwa m'buku la dzina lomwelo, lolembedwa ndi Erskine Childers, limene linasindikizidwa mu 1903 ndipo limawerengedwa pakati pa mabuku oyambirira enieni a nthano za akazitape m'Chingerezi. Michael York ndiye akusewera ngati Carruthers, Simon MacCorkindale ngati Davies, Jenny Agutter ngati Clara, ndipo Alan Badel ngati Dollmann, bambo wake wa Clara. Filimuyi ndi yotalika pafupifupi ola limodzi ndi mphindi 40.

Nanga nkhani yake ikukamba za chiyani?

Zinthu zikuchitika m'chaka cha 1901 m'mphepete mwa nyanja ya North Sea, kumpoto chakumadzulo kwa Germany, kumene kuli mndandanda wa zilumba zotchedwa East Frisian. Davies, mnyamata wa ku England wokonda kuyenda panyanja yekha m'kabwato kake ka matanga kotchedwa Dulcibella, wapulumuka imfa mwamwayi. Munthu wina wolemera, Dollmann, mwini bwato lalikulu lotchedwa Medusa, anamulonjeza kuti amutsogolera njira yachidule pakati pa milu ya mchenga tsiku la namondwe, koma anamusiya pamalo oopsa ngati kuti anachita dala. Davies akukayikira kuti Dollmann si Mjeremani weniweni, ndiponso kuti pali chinthu chimene akubisa m'madzi osaya amenewo.

Pofuna womuthandiza, Davies akuitana mnzake amene anaphunzira naye ku Oxford, Carruthers, yemwe amagwira ntchito ku unduna woona za ubale ndi mayiko ena ndipo amalankhula bwino Chijeremani. Carruthers akubwera ndi masutikesi ndi zovala zoyera, poganiza kuti akukakwera bwato la mabwana lokhala ndi antchito, koma akupeza kabwato konyowa, kopanikiza, konunkha parafini, kopanda ngakhale malo oti munthu n'kuimirira mowongoka. Kuchokera pamenepo, anyamata awiriwa akufufuza pang'onopang'ono mpaka atatulukira chiwembu cha Germany chofuna kuwolotsa asilikali kupita ku England.

N'chifukwa chiyani oonera ambiri amadandaula kuti filimuyi imayenda pang'onopang'ono?

Dandaulo limeneli ndi limene limamveka kawirikawiri kuposa ena onse, ndipo silichokera kwa anthu osazindikira. Munthu amene wamva kuti filimu ndi ya akazitape amayembekezera mfuti, kuthamangitsana pagalimoto ndi zipangizo zodabwitsa, monga mmene mafilimu a James Bond anazolowetsera anthu. Ndipotu m'chaka chomwecho cha 1979 kunatuluka filimu ya Bond imene inafika mpaka m'mlengalenga. Amene akubwera ndi chiyembekezo chotere akupeza amuna awiri atawerama pamapu, akuyeza kuya kwa madzi, akukangana za nthawi yonyamukira, kenaka akudikirira kuti bwato lawo liyandamenso. Ena amanena poyera kuti anagona filimu ili pakati.

Komabe tikamvetsera bwino mbali zonse ziwiri, zimaoneka kuti anthuwa sakutsutsana pa zimene aona, koma pa zimene akuziyesa zoopsa. Kwa woonera mmodzi, munthu woponya chingwe m'madzi n'kutchula manambala sakuchita kanthu. Kwa wina, manambala amenewo akamatsika ndiye kuti madzi akuthawa, bwato latsala pang'ono kukhala pamchenga, ndipo likakhala pamchenga adani aliona poyera kwa maola angapo popanda kothawira. Mantha a filimuyi ali m'madzi ndi m'nthawi. Amene wagwira mfundo imeneyi saonanso kuchedwa kulikonse, pamene amene sanaigwire amangoona thambo lotuwa ndi matope.

Vuto lina, limene ndikuliona kuti ndi la okonza filimu eniake, ndi lakuti sanapatule mphindi zokwanira kumayambiriro kuti afotokozere woonera wamba mmene madzi a kumeneko amayendera. Buku linali ndi mapu anayi amene wowerenga ankabwererako nthawi iliyonse akasokonezeka, koma woonera filimu alibe pobwerera.

Kodi madzi a kumeneko amayenda motani, kuti akhale mutu wa nkhani yonse?

Owerenga amene anazolowera nyanja ya Malawi ayenera kuiwala kaye zimene amadziwa, chifukwa nyanja yathu imakwera ndi kutsika motsatira nyengo ya mvula, osati tsiku ndi tsiku. Amene anafikako ku Beira kapena ku madoko ena a nyanja yamchere amadziwa kuti kumeneko madzi amadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku chifukwa cha mphamvu yokoka ya mwezi ndi dzuwa. Kuchokera pamene madzi adzaza kufika pamene adzazanso pamapita maola pafupifupi 12 ndi mphindi 25, choncho nthawi yake imasuntha tsiku lililonse ndipo woyendetsa bwato amayenera kuiwerengera.

Pakati pa gombe la Germany ndi zilumba zisanu ndi ziwiri zokhala anthu, zomwe ndi Borkum, Juist, Norderney, Baltrum, Langeoog, Spiekeroog ndi Wangerooge, pali dera lotchedwa Wadden Sea, limene bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2009. Madzi akadzaza, deralo limaoneka ngati nyanja wamba. Akaphwa, kumatsala chipululu cha mchenga ndi matope chodukizidwa ndi timifuleni tokhotakhota, moti masiku ano alendo amayenda pansi kuchoka kumtunda kukafika pa zina mwa zilumbazo motsogozedwa ndi odziwa njira. Timifuleni timeneti timasuntha chaka ndi chaka, ndipo anthu a kumeneko amazika timitengo m'mbali mwake kuti oyendetsa mabwato adziwe podutsa. Sitima yaikulu yankhondo singalowemo. Mwambi wa mchenga umene dzina la filimuyi likunena wagona pomwepa: ngati sitima zankhondo sizingalowe, n'chifukwa chiyani asilikali apamadzi a Germany akulondera malowa mwansanje chotere?

Kodi n'zoona kuti amene amaikonda kwambiri ndi anthu oyendetsa mabwato a matanga?

N'zoona ndithu, ndipo iwo ndi amene asunga dzina la filimuyi kwa zaka zoposa 40. Chimene amayamikira n'chakuti ntchito ya m'bwato ikuoneka ngati ntchito yeniyeni. Zingwe zimakokedwa ndi manja, matanga amalemera akanyowa, nangula amakwezedwa movutikira, ndipo kabwatoko kakakhala pamchenga kamapendekeka monga momwe bwato limachitira. Mafilimu ambiri a panyanja amajambulidwa m'thanki, mphepo ikuwombera kwina matanga akuloza kwina, ndipo amalinyero amaseka akaona zotere. Pano amapeza zochepa zoseka.

Pali chinanso chimene chimawakoka. Dulcibella si bwato la anthu olemera. M'buku, ndi bwato lakale lopulumutsira anthu limene linasinthidwa kukhala la matanga, ndipo Davies amalisamalira yekha ndi ndalama zochepa. Anthu amene ali ndi timabwato tating'ono totha ntchito amadziona okha mwa Davies, munthu wosalabada za maonekedwe, amene amataya m'madzi chilichonse chimene akuchiona kuti chikungodya malo. Mndandanda wa katundu amene Davies anapempha Carruthers kuti amugulire ku London, momwe munali kampasi, chitofu cha parafini ndi fodya, ndi chinthu chimene okonda bukuli amachikumbukira ndi kuchiseka mpaka lero.

Amalinyero omwewo sakhala opanda madandaulo. Ena amati filimuyi inadula kwambiri zigawo za ulendo, moti woonera samva kutopa ndi kuzizira kwa masabata ambiri a m'bwato monga momwe wowerenga buku amamvera.

Ndi chigawo chiti chimene oonera amachikumbukira kwambiri?

Pafupifupi aliyense amatchula ulendo wa m'chifunga. Davies ndi Carruthers ali padoko la Norderney, adani akuwayang'anira, ndipo amva kuti pachilumba chaching'ono cha Memmert pachitika msonkhano wachinsinsi wa Dollmann ndi anzake, amene amanamizira kuti akuvuula chuma m'sitima ya ku France imene inamira kalekale. Kwagwa chifunga chochindikala moti munthu saona kutsogolo kwa mphuno yake. Aliyense akuganiza kuti palibe amene angayende tsiku lotere, ndipo pa chifukwa chomwecho Davies akuona mwayi. Akusiya Dulcibella padoko kuti aziganiziridwa kuti ali momwemo, n'kutenga kabwato kakang'ono kopalasa.

Carruthers akupalasa, nkhope itayang'ana kumbuyo, osadziwa kumene akupita. Davies wakhala kuchiwongolero ndi kampasi, wotchi ndi mapu, akugwaza pansi ndi ndodo kuti amve ngati akadali mumfuleni kapena apatuka. Palibe nyimbo zaphokoso kapena mfuti. Kukumveka nkhafi, mpweya wa munthu wotopa, ndi mawu achidule a Davies olamula kukhotera uku kapena uko. Ayenera kudutsa malo osaya madzi asanaphwe, kukamvetsera mobisa zokambirana za adani, n'kubwerera nthawi ya chakudya chamadzulo isanakwane, pakuti aitanidwa kukadya ndi anthu omwewo amene akuwazonda. Ngakhale oonera amene amati filimuyi ndi yochedwa amavomereza kuti apa anakhala tcheru.

Chodabwitsa kwa ambiri n'chakuti chigawo chimenechi sichinajambulidwe ku Germany. Chinajambulidwa pa maiwe a Frensham m'chigawo cha Surrey ku England, mothandizidwa ndi makina otulutsa utsi wonga chifunga, popeza kudikirira chifunga chenicheni pamalo amene madzi amathawa kawiri pa tsiku kukanakhala kutaya nthawi ndi ndalama. Zigawo zina za filimuyi zinajambulidwa ku Netherlands ndi ku Germany, kuphatikizapo mudzi wa asodzi wa Greetsiel.

Oonera amati chiyani za ochita seweroli?

Amene amatamandidwa kwambiri ndi Simon MacCorkindale. Anali atangotchuka kumene ndi filimu ya Death on the Nile ya 1978, ndipo pano akuoneka ngati munthu amene anakulira m'bwato: wamanyazi akakhala pakati pa anthu, wosadziwa poika manja ake patebulo la olemera, koma wolamula mosakayika akangogwira chiwongolero. Okonda buku ambiri amati Davies wa m'maganizo mwawo ndi ameneyu. MacCorkindale anamwalira mu 2010, ndipo ambiri mwa amene anamudziwira m'masewero a pa wailesi yakanema amadabwa kumuona ali mnyamata m'filimuyi.

Pa Michael York maganizo ndi ogawikana. Ena amati ndi wouma ndiponso wonyada mopitirira, koma ena amayankha kuti Carruthers anayenera kukhala wotero kumene poyamba, chifukwa phindu la nkhaniyi ndi kuona bwana wa muofesi akusanduka munthu wa matuza m'manja, amene akuphunzira kulemekeza mnzake yemwe ankamupeputsa. Ine ndili kumbali ya achiwiriwa, ngakhale ndikuvomereza kuti kusinthako kukuchitika mofulumira kwambiri m'filimu kusiyana ndi m'buku, moti munthu akhoza kufunsa kuti kunyada kuja kwathera pati. Alan Badel, amene anamwalira mu 1982, amayamikiridwa chifukwa cha Dollmann waulemu wozizira, munthu womwetulira pakamwa pokha maso ali gwa.

Kodi nkhani ya chikondi cha Davies ndi Clara inali yofunika?

Apa oonera ambiri amagwirizana kuti ndi mbali yofooka, koma mlandu sauika pa Jenny Agutter. Clara wapatsidwa zochita zochepa, ndipo chikondi chake ndi Davies chimangonenedwa kuposa kuonetsedwa. Ngakhale m'buku zili chomwecho, ndipo zimadziwika kuti Childers mwiniwake sanakondwere nayo mbali imeneyi, imene anailowetsamo pomvera wosindikiza. Komabe kuichotseratu sikukanatheka, chifukwa Clara ndiye amene akumanga manja a Davies. Popanda iye, anyamatawa akanangokanena Dollmann ku boma la Britain nkhani n'kuthera pomwepo, pamene chifukwa cha iye akufunafuna njira yoululira chiwembu popanda kuwononga mtsikana wosalakwa.

Kodi filimuyi ikusiyana bwanji ndi buku?

Kusiyana koyamba n'kwakuti buku likusimbidwa ndi Carruthers mwiniwake, kuyambira ali ku London m'nyengo imene anzake onse apita kutchuthi, ndipo wowerenga amatulukira zinthu limodzi naye, osadziwa kwa nthawi yaitali chifukwa chenicheni chimene Davies wamuitanira. Filimu ikuulula msanga za Dollmann, choncho kukayikira kwa pang'onopang'ono kuja kwachepa. Kwachiwiri, chigawo chachikulu choyambirira cha buku chikuchitikira ku nyanja ya Baltic, kuyambira ku Flensburg, kenaka anyamatawa akudutsa ngalande ya Kiel, imene inatsegulidwa mu 1895, kuti akafike ku North Sea. Filimu inasiya zonsezi n'kukhazikika pa zilumba zokha.

Owerenga buku amagawikana pawiri. Ena amati kudula kumeneku kunali kwanzeru, popeza bukulo lili ndi masamba ambiri ofotokoza mphepo, kuya kwa madzi ndi mayina a milu ya mchenga, zimene ngakhale okonda kuwerenga ena amazidumpha. Ena amati mzimu wa bukulo uli m'masamba omwewo, ndipo kuwachotsa kuli ngati kuchotsa nsinjiro m'ndiwo n'kumati ndiwo zikadali zomwezo. Chodziwika n'chakuti mbali zonse ziwiri zimavomereza kuti filimuyi inasunga ulemu wa buku ndipo sinalisandutse nkhani ina, kupatula kumapeto.

Nanga mathero ake, n'chifukwa chiyani amadzetsa mkangano?

Chinsinsi chimene anyamatawa akutulukira n'chakuti Germany ikukonza timadoko ting'onoting'ono ta m'mphepete mwa gombelo kuti muzibisala mabwato akuluakulu apansi pathyathyathya, amene tsiku lina adzadzazidwe asilikali n'kukokedwa ndi sitima kuwoloka North Sea kukatsikira kugombe la kummawa kwa England kumene kulibe chitetezo. Dollmann ndi Mngelezi amene kale anali msilikali wapamadzi wa Britain, ndipo wagulitsa nzeru zake kwa adani. Carruthers akubisala m'sitima yokoka usiku woyeserera dongosololi, n'kuitsakamiza pamchenga.

M'buku, mfumu ya Germany, Kaiser Wilhelm II, imangotchulidwa mophiphiritsa monga mmodzi wa anthu amene ali m'sitimayo, ndipo Dollmann amadziponya m'nyanja mwakachetechete pamene akumutengera ku England. M'filimu, Kaiser akuonekera poyera, akuseweredwa ndi Wolf Kahler, ndipo mathero ali ndi kumenyana, kuthamangitsana, ndi imfa ya Dollmann m'bwato la Dulcibella limene Ajeremani akuligunda n'kulimiza, anyamata awiri aja ndi Clara atathawa pa Medusa. Amene ankadandaula za kuchedwa amakondwera kuti potsiriza chinthu chachitika. Okonda buku amaona kuti okonza filimu anachita mantha pa mphindi zomalizira n'kuyamba kutsanzira mafilimu ena. Amalinyero nawo ali ndi chisoni chawochawo, chimene sichikhudza Dollmann konse: sakhululuka kuti Dulcibella anamizidwa.

Kodi zithunzi ndi nyimbo zake n'zabwino monga momwe anthu amanenera?

Pa mfundo imeneyi ngakhale otsutsa filimuyi amagonja. Anajambula ndi Christopher Challis, katswiri amene anali atagwira kale ntchito pa mafilimu ambiri otchuka a ku Britain, ndipo mwana wake Drummond Challis ndiye anali mkulu woyendetsa ntchito yonse yokonza filimuyi. Dziko la kumeneko ndi lathyathyathya, lopanda phiri kapena mtengo wautali, choncho chithunzi chimadzazidwa ndi thambo, madzi ndi kuwala kofooka kwa dzuwa la kumpoto pamchenga wonyowa. Filimuyi inajambulidwa m'chithunzi chotambalala, ndipo amene anaionera koyamba pa wailesi yakanema zakale kapena pa matepi, pamene m'mbali munkadulidwa, amati ataionanso yathunthu anachita ngati akuona filimu ina.

Nyimbo anapeka ndi Howard Blake, amene pambuyo pake anatchuka ndi nyimbo za katuni ya The Snowman ya 1982. Ndi nyimbo zodekha, zachisoni pang'ono, ndipo oonera ambiri amati zimawatsalira m'mutu nkhani yeniyeniyo ataiiwala.

Ngati ili ndi zabwino zonsezi, bwanji sinatchuke itangotuluka?

Sinapeze ndalama zambiri m'nyumba zoonetsera mafilimu, ndipo ku America inafika patapita zaka zingapo. Inatuluka pa nthawi imene achinyamata ankathamangira mafilimu a zam'mlengalenga, ndipo nkhani ya amuna awiri aulemu a m'nthawi ya agogo awo inaoneka yachikale. Kampani ya Rank nayo inali itatsala pang'ono kusiya kukonza mafilimu, zimene inachitadi mu 1980. Omvera ake enieni filimuyi inawapeza pambuyo pake, kudzera pa wailesi yakanema, kenaka pa matepi ndi ma DVD, ndipo ena mwa oikonda lero amasimba kuti anaionera koyamba ali ana. Zimenezi ziyenera kukumbukiridwa powerenga matamando ake, chifukwa mbali ina ya chikondicho ndi chikumbutso cha ubwana, osati filimu yokha.

Kodi chiwembu cha m'nkhaniyi chinalikodi?

Anthu ndi zochitika za m'nkhaniyi n'zopeka, koma mantha amene anabala nkhaniyi anali enieni. Mu 1898 ndi mu 1900 Germany inakhazikitsa malamulo okulitsa gulu lake la sitima zankhondo motsogozedwa ndi Alfred von Tirpitz, ndipo Britain, imene kwa zaka zambiri inkaona France ngati mdani wake wamkulu, inayamba kuyang'ana kummawa. Childers analemba bukuli ngati chenjezo lakuti gombe loyang'ana North Sea lilibe chitetezo chokwanira. Kawirikawiri anthu amanena kuti bukuli ndilo linachititsa boma kumanga doko la sitima zankhondo ku Rosyth ku Scotland, koma zimenezi n'zokokomeza, pakuti boma linali litalengeza kale za dokolo bukuli lisanatuluke. Chimene bukuli linachita ndi kufalitsa manthawo pakati pa anthu wamba.

Mu 1910 asilikali awiri a Britain, Brandon ndi Trench, anagwidwa akuzonda gombe lomweli, mlandu wawo unazengedwa ku Leipzig, ndipo anaweruzidwa kukhala m'ndende zaka zinayi, ngakhale kuti Kaiser anawakhululukira mu 1913. Mpikisano wa panyanja wa mayiko awiriwa unafika ngakhale kwathu kuno. Mu August 1914, nkhondo yoyamba ya padziko lonse itangoyamba, sitima ya Britain yotchedwa Guendolen inawombera ndi kulemaza sitima ya Germany ya Hermann von Wissmann padoko la Sphinxhafen, lomwe lero ndi Liuli, kugombe la kummawa kwa nyanja ya Malawi.

Kodi Erskine Childers anali ndani, ndipo n'chifukwa chiyani oonera ena amati moyo wake ukuposa filimuyi?

Childers anabadwira ku London mu 1870, anakulira ku Ireland kwa abale a mayi ake, ndipo ankagwira ntchito ya ukalaliki ku nyumba ya malamulo ya Britain. Mu 1897 anayenda m'madzi a zilumba za Frisian ndi ku Baltic m'kabwato kake kotchedwa Vixen, pamodzi ndi mchimwene wake Henry, ndipo zambiri za m'bukuli zinachokera m'zolemba za ulendo umenewo. Dzina loti Dulcibella linali la mlongo wake. Anamenya nawo nkhondo ya ku South Africa mu 1900 ali kumbali ya Britain.

Munthu yemweyu, amene analemba buku lochenjeza Britain za Germany, anasintha maganizo pa nkhani ya ufulu wa Ireland. Pa 26 July 1914 iye ndi mkazi wake Molly anafikitsa padoko la Howth pafupi ndi Dublin mfuti 900 zogulidwa ku Germany, atazinyamula m'bwato lawo la matanga lotchedwa Asgard, kuti zikathandize omenyera ufulu wa Ireland. Patangopita masabata ochepa anabwerera kukatumikira Britain pa nkhondo yolimbana ndi Germany, ndipo anapatsidwa mendulo. Nkhondoyo itatha anakhala mmodzi wa atsogoleri okana pangano la 1921 pakati pa Britain ndi Ireland. Pa nkhondo yapachiweniweni imene inatsatira, boma latsopano la Ireland linamugwira ali ndi kamfuti kakang'ono, ndipo anaphedwa mochita kuwomberedwa ku Dublin pa 24 November 1922. Mwana wake, Erskine Hamilton Childers, anadzakhala pulezidenti wa Ireland kuyambira mu 1973 mpaka pamene anamwalira mu 1974. Bwato la Asgard likusungidwa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Collins Barracks ku Dublin.

Amene adziwa mbiri imeneyi amaonera Dollmann ndi maso ena. Wolemba amene anapeka munthu wogulitsa dziko lake anadzatchedwa yekha wogulitsa dziko, ndi Angelezi komanso ndi anthu ena a ku Ireland.

Kodi pali filimu ina ya nkhani yomweyi?

Ilipo. M'zaka za m'ma 1980 ku Germany kunakonzedwa sewero la pa wailesi yakanema la zigawo khumi lotchedwa Das Rätsel der Sandbank. Chifukwa cha kutalika kwake lili ndi mpata wosunga zambiri zimene filimu ya 1979 inasiya, ndipo okonda buku amene amamva Chijeremani nthawi zambiri amalikonda koposa. Amene anatopa ndi ola limodzi ndi mphindi 40 asaliyese.

Ndiyambe ndi buku kapena filimu, ndipo ana angaonere?

Kwa munthu amene sanayendepo m'bwato la matanga, n'kwabwino kuyamba ndi filimu, chifukwa ikuonetsa ndi maso zimene buku likufotokoza ndi mawu a amalinyero amene ngakhale Angelezi ambiri sawadziwa. Musanayambe, tsegulani mapu a gombe la kumpoto kwa Germany, mupeze Norderney, Juist ndi Memmert, ndipo muwerengenso yankho la pamwambapa lokhudza kudzaza ndi kuphwa kwa madzi. Ngati n'kotheka sankhani kope la chithunzi chotambalala lokhala ndi mawu olembedwa pansi, popeza zokambirana zina zili m'Chijeremani ndipo Chingerezi chake ndi cha kalankhulidwe kakale.

Ana okulirapo akhoza kuonera pamodzi ndi makolo. Muli kumenyana pang'ono ndi imfa chakumapeto, koma mulibe zolaula kapena magazi ochuluka. Aang'ono kwambiri sachedwa kutopa m'theka loyamba la ola, ndipo kawirikawiri amabwerera pampando chifunga chija chikagwa.